Musanagulitse nyumba, kaoneni kaye zomwe zili m'kaundula

Ndikudziwa kuti ena mwasiya geni, ena mwachokera ku ntchito osadya n'komwe, ndiye sindikutayirani nthawi.

Ndiyambe ndi kafunso. Amene mukukhala m'nyumba ya makolo anu, ya banja lanu kapena yanuyanu, osati ya lendi, kwezani dzanja. Chabwino. Tsopano dzanjalo likhalebe m'mwamba ngati munaonapo ndi maso anu pepala la nyumbayo, n'kuwerenga dzina lomwe linalembedwapo. Mwaona mmene manja atsikira? Musachite manyazi, inenso ndinali choncho. Ndinafika chaka chachitatu ku yunivesite ndisakudziwa kuti nyumba yomwe ndinakuliramo ili ndi nambala ku boma.

Ndinadziwa bambo anga atamwalira. Patapita miyezi ingapo, amayi anaganiza zogulitsa nyumba yathu kuti agule ina yocheperako, ndalama yotsalayo ilipirire sukulu ang'ono anga awiri. Anali maganizo abwino ndithu. Koma mapepala onse anali atawatenga abambo aakulu tsiku la maliro, akuti awasunge asasowe. Kenaka kunabwera ejenti wina, wovala bwino, woyankhula mokoma, atatenga munthu wofuna kugula. Anazungulira nyumba yonse, nati kwa amayi: "Mayi, nyumba ndi yabwino, koma mapepala ake ngosokonekera. Palibe angakupatseni mtengo weniweni. Bwana awa akungofuna kukuthandizani, ndalama ali nayo m'galimotomu." Abambo aakulu nawo anavomereza: "Alamu, landirani basi, zamaofesi simungazithe inu."

Amayi anandiimbira foni usiku. "Mwana wanga, ndisayine?" Ine ndinawafunsa kuti, kodi chasokonekera n'chiyani kwenikweni? Anati sakudziwa, angouzidwa. Ndinawapempha kuti andipatse masabata awiri okha.

Zomwe ndinaphunzira m'masabata awiri amenewo ndi zomwe ndabwera nazo lero. Chachikulu n'chakuti mbiri ya nyumba sikhala m'chikwama cha abambo aakulu mokha. Boma limasunga kaundula wa malo, ndipo kaundulayo si wachinsinsi. Aliyense, kaya ndinu mwini, kaya ndinu wogula, kaya ndinu mwana wa m'nyumbamo, mutha kupita kukapempha kuti muone zomwe zinalembedwa. Zimenezi amazitcha search. Mumalemba fomu, mumalipira ndalama yomwe boma linakhazikitsa, n'kukupatsani chikalata chonena zomwe zili m'kaundula pa tsiku limenelo. Safuna kuti mubwere ndi amuna anu, safuna kalata ya amalume.

Choyamba, dziwani kuti nyumba yanu ili pansi pa ndani, chifukwa m'matauni mwathu muno malo sasungidwa pa ofesi imodzi. Malo ena ali pansi pa Unduna wa Zamalo, womwe uli ndi maofesi a kaundula ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Ena ali pansi pa Malawi Housing Corporation, makamaka nyumba ndi mapuloti omwe anthu anagula kumeneko. Ena ali pansi pa khonsolo ya mzinda, monga m'madera ambiri omwe anthu anapatsidwa mapuloti n'kumanga okha. Ndiye pali malo aja tinagula kudzera kwa mfumu m'mphepete mwa tauni, omwe pepala lake ndi kalata ya mgwirizano yokha. Ngati simukudziwa gulu lanu, fufuzani malisiti akale m'nyumba. Komwe makolo ankalipira ground rent, kumeneko ndi komwe kuli failo yanu. Ife tinapeza kalisiti kamodzi kachikasu m'kati mwa Baibulo la bambo, ndipo pa kalisitipo panali nambala ya puloti. Basi, nkhani inayambira pamenepo.

Malo olembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act amakhala ndi title number, yomwe ndi dzina la dera ndi manambala. Ku Lilongwe mumva mayina ngati Bwaila kapena Alimaunde, ku Blantyre ngati Likabula kapena Nkolokoti. Ilembeni nambala imeneyi mu foni, itumizeninso kwa m'bale wanu amene mumamukhulupirira. Ngakhale wina atabisa title deed, ndi nambala yokhayo mutha kupanga search.

Tsamba la m'kaundula lili ndi zigawo zitatu, ndipo ndikufuna muzisunge pamtima. Chigawo choyamba chimafotokoza malowo: ali kuti, ndi aakulu bwanji, ndi a lizi kapena ayi, ndipo ngati ndi a lizi inayamba liti, ya zaka zingati. Mapuloti ambiri a nyumba m'tauni ndi a lizi ya zaka 99. Chigawo chachiwiri chimanena mwini wake, dzina lenileni. Chigawo chachitatu chimaonetsa zomwe zamangirira malowo, monga ngongole ya ku banki yomwe nyumbayo inaikidwa ngati chikole. M'kaundula momwemo mumaonekanso ngati wina anaika chiletso choti malowo asagulitsidwe.

Search yathu itatuluka, ndinakhala pa benchi panja n'kuiwerenga katatu. Kusokonekera konse kuja kunali zinthu zitatu. Dzina linali likadali la bambo, zomwe zinali zosadabwitsa. Ngongole yomwe bambo anatenga kalekale pomanga nyumbayo inkaonekabe m'kaundula, chonsecho anamaliza kubweza ine ndili ku sekondale, kungoti palibe anapita kukaichotsetsa. Ndipo nditafunsa ku ofesi yolipirira, ndinapeza kuti ground rent inali isanalipidwe zaka zingapo. Zinali zomwezo basi. Panalibe mlandu ku khoti, panalibe mwini wina, lizi inali ndi zaka zambirimbiri kutsogolo. Ejenti uja ankadziwa zonsezi, chifukwa iwo search amapanga asanabwere kwa inu. Amene sankadziwa anali amayi okha, mwini nyumba.

Taganizirani bwino pamenepa. Pa malonda a nyumba, wogula ali ndi ejenti, ejenti ali ndi mnzake wodziwa za mapepala, banki ili ndi loya. Mayi wogulitsa nthawi zambiri amakhala ndi chisoni, changu cha ndalama, ndi achibale omuuza kuti zamaofesi sangazithe. Mtengo umatsika chifukwa cha mantha ake, osati chifukwa cha nyumbayo.

Tsono tinakonza bwanji? Ndiyambe ndi dzina, poti apa ndi pomwe amayi ambiri amapwetekera. Nyumba ikakhala m'dzina la munthu womwalira, palibe amene ali ndi mphamvu yoigulitsa mpaka khoti litapereka makalata oyendetsera chuma cha masiye. Ngati panali wilu, khoti limatsimikiza wiluyo. Ngati panalibe, limapereka zomwe amazitcha letters of administration. Ofesi ya Administrator General komanso ya DC zimathandiza pa nkhani zimenezi, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya, kuli Legal Aid Bureau. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limanena momveka kuti munthu akamwalira opanda wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi omwe ankadalira iye. Mwana wamkazi ndi mwana wamwamuna ndi ofanana. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womwe munthu atha kupita nawo kundende. Nditawawerengera abambo aakulu zimenezi, mwaulemu ndithu, ndili chogwada, mapepala aja anapezeka mawa lake lomwe.

Koma ndinenenso mbali yomwe ena simuikonda. Lamulo lomweli limatetezanso ana omwe bambo anabereka kwina. Ngati alipo, gawo lawo lilipo. Ndipo amene wapatsidwa makalata aja sanapatsidwe nyumba kuti ikhale yake yekha, wapatsidwa udindo woyendetsa chumacho m'malo mwa onse. Tikamanena za chilungamo tisamangochifuna pomwe chikukomera ife. Mukabisa mwana wa mnzanu lero, mawa adzaimitsa malonda anu ku khoti, ndipo adzakhala akulondola.

Za ngongole ija, tinapita ku banki ndi umboni woti inabwezedwa, anatilembera chikalata chomasula nyumbayo, n'kukachilembetsa ku kaundula. Apa phunziro ndi lakuti ngongole ikatha ku banki sikuti imafufutika yokha m'buku la boma. Ngati makolo anu anamaliza kubweza loni ya nyumba, afunseni madzulo ano ngati anakachotsetsa. Ground rent tinalipira pang'onopang'ono. Tinapitanso ku khonsolo kukaona za city rates, chifukwa popanda chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole kumeneko, kusintha umwini kumaima. Mabilu a madzi ndi magetsi nawonso tinawaona, kuti wogula asadzapeze chonamizira chotsitsira mtengo.

Sindikunamizani kuti zinali zophweka. Masabata awiri aja anasanduka miyezi yambiri. Tinayenda, tinadikira pa mizere, tsiku lina n'kubwerera chifukwa tinaiwala fotokope ya chitupa. Fizi ya teremu imodzi amayi anachita kukongola ku banki nkhonde. Panali masiku omwe ankandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, tikanangolandira zija bwenzi pano titapuma." Ndinkawamvetsa. Koma nyumba itagulitsidwa, ndalama yake inakwanira kugula nyumba ina yaing'ono, kubweza ngongole ija, ndi kulipira sukulu. Ndalama ya m'galimoto ija ikanangokwanira chimodzi mwa zitatuzi.

Tsopano tibwere pa funso lomwe ambiri mumandifunsa: kodi mapepala amenewa amathandiza bwanji pa mtengo? Amathandiza m'njira zingapo.

Njira yoyamba, mumadziwa chomwe mukugulitsa. Pa title deed pamakhala mapu a puloti, osonyeza kukula kwake ndi malire ake. Anthu ambiri timangoti "puloti yaikulu", osadziwa kuti ndi yaikulu bwanji. Tengani mapuwo, yendani nawo pa malopo, pezani mabikoni. Mwina mupeza kuti mpanda wa aneba unalowa kwanu, kapena wanu unalowa kwawo. Ndi bwino muzidziwe inu poyamba, musanauzidwe ndi wogula pa tsiku lolipira. Ngati mabikoni anazulidwa, itanani saveya wovomerezeka adzawabwezeretse.

Njira yachiwiri, khonsolo imasunga buku la mitengo ya nyumba lomwe imagwiritsa ntchito powerengera city rates. Mutha kufunsa kuti nyumba yanu anaiika pa mtengo wanji. Koma chenjerani, mitengo ya m'bukuli imakhala yakale, ndipo inu mukudziwa mmene kwacha yagwera zaka zapitazi. Wina akabwera ndi mtengo wa kukhonsolo n'kumati nyumba yanu ndi yomweyo, musekeni. Bukulo likuthandizeni kuona ngati zomwe analemba za nyumba yanu zili zolondola, osati kukuuzani mtengo wa lero. Mtengo wa lero akupatseni ndi valuer wolembetsedwa, munthu amene anaphunzira ntchito yoyeza mtengo wa nyumba ndipo amasayina lipoti lake. Amalipiritsa, inde, koma ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi yomwe mungataye pongoganizira. Ndipo valuer ameneyo mumupeze nokha, asakhale wobwera ndi wogula.

Njira yachitatu ndi yomwe ine ndimaiona yaikulu. Nyumba ya mapepala oyera imagulidwa ndi anthu ambiri. Munthu wofuna kugula ndi loni ya ku banki sangagule nyumba yomwe dzina lake ndi la malemu kapena yomwe ikuonetsa chikole, chifukwa banki imapanga search yakeyake isanatulutse ndalama. Mapepala akakhala osalongosoka mumatsala ndi ogula a mtundu umodzi, aja a ndalama m'galimoto, omwe amasakasaka anthu opanikizika. Mapepala akalongosoka, mphunzitsi, nesi, wa ku kampani, gulu la anthu a mpingo, onse atha kubwera kudzapikisana. Inu mumangotulutsa search yatsopano, malisiti a ground rent ndi city rates, mapu, ndi lipoti la valuer, zonse mu failo imodzi. Wogula akaona zimenezo amasintha ndi kakhalidwe komwe, mawu aja oti "madamu, tingokuthandizani" amatha.

Ndiyankhuleko kwa inu amene muli pa banja kapena muli pafupi kulowamo, poti nkhaniyi si ya amayi amasiye okha. Pali atsikana muno amene mukutumiza ndalama ya simenti mwezi ndi mwezi, malata munagula ndinu, koma puloti ili m'dzina la abambo a kunyumba okha. Mukafunsa amati, "Bwanji, sukundikhulupirira?" Achemwali, m'kaundula mulibe chigawo cholemba chikondi. Muli dzina basi. Lamulo limalola kuti anthu awiri alembedwe limodzi ngati eni ake a malo amodzi. Mukalembedwa nonse ngati joint proprietors, wina sangagulitse popanda siginecha ya mnzake, ndipo mmodzi akamwalira malowo amatsala m'manja mwa wotsalayo. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa amayi ufulu wokhala ndi katundu paokha kapena pamodzi ndi ena, komanso wogawiridwa mwachilungamo katundu wa onse awiri banja likatha. Koma kukatsimikizira khoti kuti munaikapo ndalama ndi ntchito yaikulu kuposa kulembetsa dzina lero muli pa mtendere. Sungani malisiti a zomangira, sungani mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba, sungani masitetimenti a ku banki.

Nanga mukamva mphekesera yoti nyumba yomwe munamanga nawo ikugulitsidwa inu osadziwa? Musayambe ndi kulemba pa status. Pitani mukapange search muone ngati chilipo chasintha. Kenaka funsani za caution. Ichi ndi chiletso chomwe munthu amene ali ndi gawo pa malo olembetsedwa atha kuika m'kaundula, kuti pasachitike kugulitsa kapena kuika chikole nkhani yake isanamveke. Mumafotokoza chifukwa chake molumbira, ndipo mwini dzina amadziwitsidwa. Si chida chobwezera mkwiyo, chifukwa mukaika popanda chifukwa chomveka mutha kulipitsidwa. Ndiye kambiranani kaye ndi loya kapena a Legal Aid, koma fulumirani, chifukwa nyumba ikasintha dzina n'kupita kwa munthu amene wagula osadziwa za mkangano wanu, kuibweza kumavuta kwambiri.

Pa tsiku la malonda penipeni, ndili ndi zinthu zochepa zoti musaiwale. Title deed yeniyeni musapereke kwa ejenti, mupatseni fotokope. Mgwirizano ndi ejenti ukhale wolemba, wonena ndalama yomwe adzalandire, kuopa kuti angadzaike yake pamwamba inu osadziwa. Musasayine pepala lomwe simunaliwerenge, ndipo ngati lili m'Chingerezi chovuta, pitani nalo kunyumba, munthu wachilungamo sakana zimenezo. Ndalama idutse ku banki, mu akaunti yanu kapena ya loya amene mwasankha inu, osati ya mlamu, osati ya chibwenzi. Musasayine chikalata chosintha umwini ndalama isanatsimikizike. Dziwaninso kuti malo a lizi amafuna chilolezo cha eni lizi, kaya ndi unduna, MHC kapena khonsolo, asanasinthe dzina, ndipo a MRA nawo amapereka chikalata chawo cha msonkho. Zonsezi zimatenga nthawi, ndiye wina akakulonjezani kuti zitheka mawa, dziwani kuti penapake pakudumphidwa.

Za madobadoba. Paliponse pomwe pali mzere pamakhala munthu wokuuzani kuti akudziwa njira yachidule. Ena mwa mapepala abodza omwe anthu akulira nawo lero anachokera mu njira zachidule zomwezo. Lowani mu ofesi nokha, funsani pa kauntala, lipirani pomwe pali polipirira, tengani lisiti ya boma. Mukaona kuti mukuchita mantha, tengani mnzanu. Ife m'gulu lino tagwirizana kale kuti amene akufuna woperekeza anene, tipeza wopita naye.

Amene malo anu munagula kudzera kwa mfumu, sindinakuiwaleni. Search yomwe ndafotokozayi mwina siikupezerani kanthu, chifukwa malowo sanalowe m'kaundula. Sungani bwino kalata ya mgwirizano, mayina a mboni ndi chidindo cha mfumu, ndipo pitani ku khonsolo kapena ku ofesi ya zamalo mukafunse njira yolembetsera. Malamulo a malo anasintha mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022, ndipo malo a makolo ali ndi malamulo akeake pa nkhani yogulitsa, ndiye funsani musanalandire ndalama ya munthu. Nkhani imeneyo tidzaipatsa tsiku lake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ntchito yomwe ndikukupatsani sabata ino ndi yaing'ono. Mukafika kunyumba, funsani amayi, abambo kapena amuna anu mafunso atatu: nyumba ino ili pansi pa ofesi iti, nambala yake ndi chiyani, ndipo dzina lolembedwa ndi la ndani. Funsani mwaulemu, nthawi ya tiyi, anthu onse ali moyo ndipo palibe amene akugulitsa kanthu. Ena akudabwani, ena akwiya pang'ono, ena akuuzani kuti nawonso sakudziwa. Mukakumana ndi yankho lomalizali, mutengane nonse mukapange search.

Amayi anga lero failo yawo amasunga okha, ndipo nyumba yatsopanoyo ili m'dzina lawo. Mwezi watha anaperekeza mnzawo wa kumpingo ku ofesi ya zamalo, iwo patsogolo, mnzawoyo pambuyo. Ine anangondiuza atabwerako.

Amene muli ndi mafunso, tiyeni tiyambe ndi achemwali akhala kumbuyo uko, ndaona dzanja lanu linakwera kalekale.